Kodi Gawo 64 Linachotsedwa Mobisa?

Mumzinda wa Mzuzu nthawi zina mumamveka mphekesera yoti wina anachotsa mobisa mawu ena m'malamulo aakulu a dziko lino, poti ukawerenga Gawo 63 kenako mawu amayambiranso pa Gawo 65. Zimenezi n'zabodza. Gawo 64, lomwe linkapatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo nthawi yake isanathe, linafafanizidwa poyera ndi Nyumba ya Malamulo mu 1995. Kaya aphunguwo anachita bwino, imeneyo ndi nkhani ina.

Gawo likafafanizidwa, manambala a magawo otsatira sasunthidwa, kuopa kuti zigamulo za makhoti ndi malamulo ena otchula Gawo 65 angayambe kuloza kwina. Pofuna kulowetsa gawo latsopano pakati pa magawo akale, amangowonjezera chilembo pa nambala, monga A kapena B.