Kufufuza makolo ku Chiradzulu

Munthu wa ku Chiradzulu akafuna kudziwa kumene makolo ake anachokera, kawirikawiri amayamba ndi dzina la bambo. Apo wasochera kale. Kuno mwana ndi wa kuchikazi, mwamuna amakakhala mkamwini kwa eni, ndipo munda ndi manda zimatsata mbumba. Dzina lachiwirili ambiri analitola kusukulu kapena pa ubatizo, ena analipatsidwa ndi kapitawo ku esiteti. Musadabwe kupeza ana a bere limodzi ali ndi mayina atatu osiyana.

Anthu a m'bomali anafika nthawi zosiyana. Amang'anja analipo kale pamene Ayao ankalowa cha m'ma 1860, nthawi yomwe Bishopu Mackenzie anamanga mishoni pa Magomero mu 1861. Alhomwe anayamba kuwoloka malire mwaunyinji kuyambira m'ma 1890, kuthawa nkhanza za Apwitikizi ndi njala. Poti analibe malo, ambiri anakhala m'minda ya azungu monga ya A.L. Bruce, lendi yake n'kukhala thangata. Ankatchedwa Anguru, dzina lachipongwe, mwakuti mabanja ambiri anasiya kuyankhula Chilhomwe pagulu, ana n'kukula ndi Chinyanja chokha. Lero mdzukulu amangomva kuti "kwathu ndi ku phiri la Namuli", mudzi wake osaudziwa.

Nanga mapepala? Atsamunda sankakakamiza anthu akuda kulembetsa ana akabadwa. Chomwe ankasamala n'kaundula wa msonkho. Komanso mu 1919 moto unatentha maofesi a boma ku Zomba, ndipo zolemba zambiri za zaka zoyambirira zinapsera momwemo. Nyumba yosungira zolemba zakale ya National Archives inatsegulidwa ku Zomba komweko mu 1947. Kupitako n'kofunika, koma mukapezako mafumu ndi milandu, osati agogo anu aakazi. Mabuku a ubatizo a kumishoni ndiwo amathandizako, ngati chiswe chinawasiya.

Pa Mbombwe, ku mishoni ya Providence Industrial Mission (PIM), ndi pomwe munthu umaona bwino mmene mbiri ya kuno inafafanizidwira. John Chilembwe atabwerako ku Lynchburg, Virginia, ku America, mu 1900, anayambitsa mishoni yake pamenepa, kenaka n'kumanga tchalitchi chachikulu cha njerwa. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu ake anapha William Jervis Livingstone, mzungu woyang'anira esiteti ya A.L. Bruce, ku Magomero. Boma pobwezera linagumula tchalitchicho ndi mabomba, ena linawanyonga, ena linawaombera, midzi n'kutenthedwa. Chilembwe anaphedwa pa 3 Febuluwale chakufupi ndi Mulanje, n'kuikidwa popanda chizindikiro. Mishoni inakhala yotseka mpaka 1926 pamene Dr Daniel Malikebu anaitsegulanso. Taganizani banja la mu 1916: ndani akanalimba mtima kuuza mwana kuti atsibweni ake anali a Chilembwe? Pafupi ndi tchalitchi cha lero pakadali zotsala za chakalecho. Pa 15 Januwale, tsiku lokumbukira Chilembwe, pamadzaza anthu ndi magalimoto, koma masiku enawa ndi zii.

Ine ndimati wofufuza ayambire kumanda, atapempha kaye kwa amfumu, poti kumeneko salowako chilowelowe. Atenge gogo wamkulu wa pa mbumba. Ziliza za simenti ndi zadzanadzana. Mitumbira yakale inaphwa, ina imangodziwika ndi phale la mphika kapena mtengo umene unamera kumutu. Gogo amaloza ndi ndodo: "Apa pagona mchemwali wa amayi anga, uyo anabwera ali kumsana. Apo ndi mkamwini, kwawo kunatalika." Ola limodzi lokha mibadwo inayi yatuluka, yomwe ku Zomba simungaipeze.

Vuto n'lakuti nkhuni zinasowa ku Chiradzulu, ndipo m'midzi ina nkhalango yotsala ndi ya kumanda yokha. Owotcha njerwa ayamba kuiyang'ana. Mtengo wa kumutu uja ukadulidwa, gogo amaima n'kumazunguza mutu, ndodo ili m'mwamba, osadziwa poloza.