Dongosolo la khonsolo lochepetsa ngozi zogwa mwadzidzidzi: zomwe banja lanu liyenera kudziwa pa zaumoyo

Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mvula yosalekeza kwa masiku angapo m'chigawo cha kummwera, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre. Ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu nakonso mapiri anagumuka. Anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa, ndipo oposa 650,000 anasowa pokhala. Namondweyu anapeza dziko lili kale pa mliri wa kolera womwe unayambira ku Machinga mu Malichi 2022, patangopita milungu yochepa namondwe wa Ana atawononga mijigo ndi zimbudzi m'madera ambiri. Mliriwo unafika m'maboma onse ndipo unapha anthu oposa 1,700.

Madzi osefukira amapha anthu kawiri. Amapha tsiku lomwe afika, kenako amaphanso mwakachetechete akaphwa, kudzera m'matenda otsekula m'mimba, malungo, njala komanso kusowa kwa mankhwala. Imfa zambiri za ulendo wachiwiriwu n'zopeweka, malinga boma lanu, dera la mfumu yanu ndi mudzi wanu zitakonzeka mvula isanayambe. Uthenga uno ukufotokoza za kukonzekera kumeneko ndi mbali yomwe inuyo muli nayo.

Amene amakonza dongosololi

Lamulo loyamba loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi m'dziko muno linakhazikitsidwa mu 1991, napolo atatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana ku Phalombe. Lamulo limenelo linkayang'ana kwambiri za kupereka thandizo zinthu zitavuta kale. Mu 2023 aphungu a Nyumba ya Malamulo anavomereza lamulo latsopano, lomwe mtima wake uli pa kuchepetsa chiopsezo ngozi isanagwe. Ntchitoyi imatsogoleredwa ndi DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, koma pulani yeniyeni ya dera lanu imakonzedwa kukhonsolo, pansi pa bwanamkubwa, pamodzi ndi akuluakulu a zaumoyo, zamadzi, zaulimi, zamaphunziro, apolisi ndi mabungwe monga Malawi Red Cross Society. Pansi pa komiti ya kukhonsolo pali komiti ya m'dera la mfumu yaikulu, ndipo pansi pake pali ya kwa gulupu, yomwe ambiri tinazolowera kuitchula kuti VCPC.

Komiti ya kumudziyi ndiyo yofunika koposa, chifukwa mlatho ukaduka, galimoto ya kukhonsolo singakufikeni kwa masiku angapo. Anthu a ku Makhanga m'boma la Nsanje ndi madera ena a tsidya la kummawa kwa Shire akuzidziwa bwino zimenezi: mu 2015, mu 2019 ndi mu 2023 ankafikiridwa ndi mabwato kapena ndege basi. Maola oyambirira a ngozi, wopulumutsa mnzake amakhala mnansi. Ngati simukuwadziwa mamembala a komiti ya kwanu, funsani anyakwawa kapena mlangizi wa zaumoyo sabata ino. Pulani yomwe ikudziwika ndi anthu asanu okha a muofesi siingapulumutse munthu usiku.

Mapu a chiopsezo ndi chenjezo

Dongosolo labwino limayamba ndi kujambula mapu a mudzi. Anthu amakhala pansi, akuluakulu omwe anaona madzi a zaka zam'mbuyo ali pomwepo, n'kulemba pomwe mtsinje umadumphira, nyumba zomwe zili m'dambo kapena m'munsi mwa phiri, mijigo yomwe imamira, njira zomwe zimaduka, ndiponso malo okwera omwe madzi sanafikepo. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Malo omwe madzi anadutsapo mu 2015 adzadutsaponso, ngakhale pakhale pouma zaka zisanu ndi ziwiri. Pamapu omwewo pazionekanso makomo omwe muli agogo, anthu aulumali, amayi oyembekezera ndi odwala omwe sangathawe okha, ndipo aliyense wa iwo akhale ndi munthu wodziwika dzina yemwe adzamunyamule. Osangoti "achinyamata adzathandiza." Atchulidwe ndithu kuti wakutiwakuti adzatenga agogo akuti.

Chaka chilichonse dzinja lisanayambe, nthambi yoona zanyengo imalengeza mmene mvula ikuyembekezeka kugwera, ndipo uthengawo umagawidwa boma ndi boma. Namondwe akamayandikira, machenjezo amaulutsidwa pawailesi ndi pafoni. M'mitsinje ina munaikidwa mitengo yoyezera madzi yopakidwa utoto wobiriwira, wachikasu ndi wofiira, ndipo anthu a kumtunda amaimbira foni anzawo a kumunsi madzi akamakwera. Komabe chenjezo limathandiza pokhapokha aliyense atadziwa tanthauzo lake. Mudzi ugwirizane kuti likhweru, ng'oma kapena belu la kutchalitchi likalira mwakutimwakuti, ndiye kuti nyamukani, ndipo pakhale tsiku loyeserera masana dzuwa likuwala, kuti ana aidziwe njira. Nthawi yochoka ndi pamene madzi ali pachikasu. Ambiri omwe amakokoloka amakhala kuti anatsalira kudikira ziweto ndi katundu, kapena anayesa kuwoloka mtsinje wodzaza. Madzi othamanga ngakhale osafika m'mawondo amagwetsa munthu wamkulu.

Kwa okhala m'munsi mwa mapiri, zizindikiro ndi zina: ming'alu yatsopano panthaka kapena pakhoma, mitengo yopendekeka, akasupe otumphuka pomwe panalibe, mtsinje kuda ndi matope mwadzidzidzi kapena kuphwa mvula ikugwabe, ndi mkokomo wochokera kuphiri. Mukaona kapena kumva zotere, thawirani cham'mbali, osati kutsetsereka motsata khwawa.

Kumsasa: madzi ndi zimbudzi

Apa ndi pomwe mapulani ambiri amafooka. Amatchula sukulu kapena tchalitchi chomwe anthu adzathawireko, koma osawerenga kuti pamalopo pali zimbudzi zingati ndi mjigo wotani. Sukulu yomwe zimbudzi zake zimaperewera kale kwa ana asukulu singalandire mabanja mazana popanda kubuka matenda. Muyezo womwe mabungwe othandiza pa ngozi amatsata ndi wakuti chimbudzi chimodzi chisapitirire anthu 20, munthu aliyense apeze madzi osachepera malita 15 patsiku, ndipo chimbudzi chitalikirane ndi chitsime kapena mjigo ndi mamita 30 kapena kuposerapo. Zimbudzi za amayi zikhale zosiyana ndi za abambo, zokhala ndi chitseko komanso kuwala usiku. Iyi si nkhani ya ulemu wokha. Mtsikana akamaopa kupita kuchimbudzi usiku amakadzithandiza kutchire, komwe angachitidwe nkhanza, ndipo chimbudzi chapatchirecho mvula imachikokolera kumadzi akumwa.

Madzi osefukira akadutsa, musakhulupirire chitsime chilichonse, ngakhale mjigo womwe mwakhala mukumwa zaka zonse, chifukwa zimbudzi zogumuka zimasakanikirana ndi madzi a pansi panthaka. Madzi ooneka oyera akhoza kukhala ndi tizilombo ta kolera, taifodi ndi kamwazi. Thirani klorini yemwe alangizi a zaumoyo amagawa, kapena WaterGuard, motsata muyezo womwe mwauzidwa, ndipo dikirani mphindi 30 musanamwe. Madzi akakhala amatope, yambani mwawasefa ndi nsalu yoyera kapena kuwasiya adikhe. Ngati mankhwala palibe, wiritsani mpaka abwate. Sungani mu chigubu kapena ndowa yovindikira, ndipo potunga mukhale ndi kapu imodzi yomwe sagwiritsa ntchito pomwera. Pakhomo la chimbudzi pakhale mpondagiya ndi sopo, ndipo posamba m'manja muzithirirana madzi, osati kusambira m'beseni limodzi.

Kolera amathamanga. Munthu wamkulu wathanzi akhoza kumwalira tsiku lomwelo chifukwa cha kutha kwa madzi m'thupi. Mukaona wina akutsekula m'mimba kwambiri, chimbudzi chamadzi ngati otsukira mpunga, mwina n'kumasanza, maso kulowa m'kati ndi miyendo kukokana, yambani kumumwetsa Thanzi ORS nthawi yomweyo: paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa. Pakasowa paketi, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi. Apitirize kumwa pang'onopang'ono muli pa ulendo wa kuchipatala, ndipo musadikire kuti kuche. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa. Wina akamwalira ndi matenda otsekula m'mimba, lolani azaumoyo atsogolere mwambo woika maliro, ndipo pasaphikidwe chakudya cha gulu. N'zowawa kwa ofedwa, koma maliro ambiri a kolera abala maliro ena chifukwa cha kusambitsa thupi ndi kudyera pamodzi.

Pakatha milungu ingapo, zithaphwi zimaswa udzudzu ndipo malungo amakwera. Neti ikhale m'gulu la katundu woyamba kunyamula. Mwana akatentha thupi, akayezedwe magazi tsiku lomwelo. Kumsasa komwe anthu agona mothithikana, chikuku, chifuwa, mphere ndi matenda a maso zimafalanso msanga, choncho ana omwe anatsalira pa katemera abayitsidwe dzinja lisanafike.

Omwe amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku

Ngozi ikagwa, anthu amenewa amaiwalika kawirikawiri chifukwa vuto lawo silioneka ndi maso. Amene ali pa ma ARV, pa mankhwala a TB, a BP, a shuga, a khunyu, a mphumu kapena a matenda a maganizo sayenera kudumphitsa. Wodwala khunyu akasiya mankhwala akhoza kugwa pafupi ndi madzi kapena moto. Wa TB akadukiza, matenda akhoza kuyamba kusamva mankhwala. Mvula isanalimbe, kambiranani ndi achipatala za tsiku lanu lokatenga mankhwala, makamaka ngati pakati pa inu ndi chipatala pali mtsinje. Ikani mankhwalawo, buku la kuchipatala, chiphaso cha unzika ndi makadi a sikelo a ana mu jumbo ya pulasitiki yomanga bwino, pamalo pomwe mungaitenge mumdima. Ngati zonse zapita ndi madzi, musachite manyazi: uzani wazaumoyo aliyense yemwe wafika pamsasa, ndipo adzakusungirani chinsinsi. Mukhozanso kuimba mwaulere ku Chipatala Cha Pa Foni pa 929.

Mayi woyembekezera yemwe masiku ake ayandikira apite kuchidikiro msanga, njira zisanaduke. Pulani ya khonsolo nayo iyenera kunena kuti chipatala chikazunguliridwa ndi madzi, azamba ndi mankhwala zidzasamukira kuti, ndi kuti mafiriji a katemera adzayendera chiyani magetsi akazima. Izi zinaonekera poyera mu Januwale 2022, pomwe namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira n'kusiya dziko mumdima.

Ngozi zomwe timaziitana tokha

Si ngozi zonse zimachokera kumwamba. M'mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu, madzi ambiri omwe amalowa m'nyumba amabwera chifukwa ngalande zatsekeka ndi zinyalala, kapena anthu amanga m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje. Mapiri omwe anametedwa mitengo chifukwa cha makala satha kugwira madzi. Kukumba mchenga ndi kulima mpaka m'gombe kumagumula mtsinje n'kuukwiriritsa. Khonsolo ili ndi mphamvu yokana kuti anthu amange malo oopsa, ndipo mafumu ali ndi udindo wosagawa malo otere. Koma kunena zoona, munthu sasankha kumanga m'khwawa chifukwa chokonda; nthawi zambiri ndi pomwe ndalama zake zinafika. Kusamutsa anthu kumatheka pokhapokha kumalo atsopanoko kuli madzi, sukulu, chipatala ndi podalira pa chakudya. Kupanda apo amabwerera.

Moto wa m'misika, womwe wasaukitsa amalonda ambiri m'dziko muno, umakula chifukwa cha mawaya a magetsi olumikiza mwachinyengo, mbaula zosiyidwa zikuyaka, ndi mabenchi othithikana mosasiya njira ya galimoto yozimitsa moto. Kusunga petulo m'zigubu m'nyumba nthawi yomwe mafuta akusowa kwapsereza mabanja. Thanki ya mafuta ikagubuduzika pamsewu, thawani kutali ndipo muletse ana kukatunga. Munthu akapsa, thirani madzi ozizira oyera pabalapo kwa mphindi 20, musapake mafuta, dzira kapena mankhwala otsukira mano, ndipo pitani naye kuchipatala.

Maboma sali pa chiopsezo chofanana. Karonga, yomwe inagwedezeka ndi zivomerezi mu Disembala 2009, iyenera kuganizira kamangidwe ka nyumba pamwamba pa kusefukira kwa North Rukuru ndi Songwe. Chikwawa ndi Nsanje zimakumana ndi madzi osefukira ndi chilala, nthawi zina m'chaka chimodzi. Mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba. Nthawi ngati imeneyo ana osakwana zaka zisanu azipita kusikelo mwezi uliwonse, ndipo mwana wotupa mapazi kapena wowonda kwambiri afike kuchipatala mosachedwa.

Miyezi ya Seputembala ndi Okutobala ndiyo yokonza zonsezi: kuchotsa zinyalala m'ngalande, kulimbitsa madenga, kukumba zimbudzi pamalo okwera, kukonza mijigo yowonongeka. Msonkhano wa komiti ukaitanidwa, pitani, ndipo amayi, achinyamata ndi aulumali apatsidwe mpata wolankhula. Funsani kuti tidzathawira kuti ndipo tidzadzera njira iti, adzatichenjeza ndani, klorini ndi Thanzi ORS zasungidwa kwa yani, komanso bwato kapena ngolo yonyamulira odwala ili kuti. Funso lililonse lomwe lasowa yankho lilembedwe, lipite kwa khansala ndi kukomiti ya kwa mfumu yaikulu, ndipo pamsonkhano wotsatira mulifunsenso.