Mose sanamere nyanga

Zaka zikupita, koma nkhani yoti Mose anatsika m'phiri la Sinai ali ndi nyanga siikutha. Gwero lake ndi mneni wosowa wachiheberi, qaran, wa pa Eksodo 34:29, 30 ndi 35. Ndi wapachibale ndi qeren, nyanga, n'chifukwa chake Baibulo lakale lachilatini linati nkhope yake inali cornuta, kutanthauza ya nyanga, osema ziboliboli ku Ulaya n'kumuika nyanga ziwiri pamutu.

Komatu ndimeyo ikunena za khungu la nkhope yake, lomwe linawala atalankhula ndi Mulungu, mpaka Aisraeli kuopa kumuyandikira, iye n'kumaphimba nkhope. Kuwalako kunachokera kwa Mulungu. Tsegulani nokha Habakuku 3:4, pomwe "nyanga" zachiheberizo ndi cheza cha kuwala, komanso 2 Akorinto 3:7. Musatumizire anzanu zotere musanawerenge chaputala chonse cha Eksodo 34.