Nthunzi ya mumphika sichiza khansa

Ambiri amakhulupirira kuti kudzifukiza nthunzi kapena kuthowa chotupa ndi madzi otentha kumapha khansa. Si choncho ayi. Thupi limatuluka thukuta kuti mkati mukhalebe madigiri 37, ndiye kutentha kwa m'bulangete sikufika pachotupa.

Kutenthetsa kwa kuchipatala n'kwina. Makina amalunjika pachotupa chenichenicho, n'kuchifunditsa madigiri 40 mpaka 43 kwa pafupifupi ola limodzi. Zikatero maselo a khansa amalephera kukonza DNA yawo (malangizo a m'kati mwa selo oyendetsera ntchito zake) ikawonongeka, ndipo ofufuza akuyembekeza kuti njirayi ingafooketsenso maselo akamberembere amene amaphukitsanso khansa. Komabe madokotala amaiphatikiza ndi radiotherapy (kupha maselo a khansa ndi cheza champhamvu) kapena chemotherapy (mankhwala amphamvu opha maselo a khansa). Mu 2000, kafukufuku wa ku Netherlands anaonetsa kuti kuiphatikiza ndi radiotherapy kumathandiza amayi odwala khansa ya khomo la chiberekero.

Chimandiwawa n'kuona mayi akuchedwa kukayezetsa chifukwa chodalira mphika.