Ndudu yoyamba ya m'mawa ndi kusiya fodya: mafunso ndi mayankho

N'chifukwa chiyani achipatala amafunsa nthawi imene ndimasuta ndudu yoyamba?

Nikotini, chinthu cha m'fodya chimene chimabweretsa chibaba, sakhalitsa m'magazi: pakangotha maola awiri, theka lake limakhala latha. Usiku wonse amangochepa, ndiye munthu amene thupi lake lazolowera kwambiri amadzuka ali ndi chibaba, n'kuyamba kufufuza machesi asanasukusule. Funsoli lili pamndandanda wa mafunso oyezera mmene thupi lazolowerera fodya, wa katswiri Karl Fagerström wa ku Sweden, umene unatuluka mu 1978 n'kukonzedwanso mu 1991. Wosuta mphindi 5 zisanathe chidzukireni amapatsidwa mapointi 3, wa mphindi 6 mpaka 30 amapatsidwa 2, wa 31 mpaka 60 amapatsidwa 1; mapointi akachuluka ndiye kuti thupi lazolowera kwambiri. Mndandandawu umafunsanso ndudu zimene mumasuta patsiku, ndipo powerenga, chingambwe nachonso chiwerengeni.

Yankholo limasintha chiyani?

Limasintha mlingo wa mankhwala othandiza kusiya fodya. Ngati mumasuta mphindi 30 zisanathe mutadzuka, chingamu cha nikotini choyenera ndi cha 4 mg. Ngati mumapitirira apo, cha 2 mg. Pa kachigamba ka nikotini komata pakhungu timayang'ana kuchuluka kwa ndudu: woposa 10 patsiku amayamba ndi 21 mg kwa masabata 6, kenako 14 mg masabata awiri, n'kumalizira 7 mg masabata ena awiri. Matani pamalo atsopano tsiku lililonse, apo ayi khungu limayabwa. Amayi oyembekezera ndi odwala mtima ayambe aonana ndi dokotala.

Chingamucho chikundipatsa mseru ndi ntchilitchili. Chalakwika n'chiyani?

Mukuchitafuna ngati chingamu wamba. Tafunani pang'onopang'ono mpaka mumve kuyabwa lilime, kenako chipanikizeni pakati pa tsaya ndi nkhama. Kuyabwako kukatha, tafunaninso. Teroni kwa mphindi pafupifupi 30. Nikotiniyu amayenera kulowera m'kamwa momwemo, ndipo mukamumeza ndi malovu amangovutitsa m'mimba. Khofi, sobo ndi zakumwa zina zowawasa zimamulepheretsa kulowa, choncho musamwe kwa mphindi 15 musanatafune.

Nanga bwanji chibaba chikubwerabe ndili ndi kachigamba?

Kachigamba kamatulutsa nikotini pang'onopang'ono, pamene utsi umamufikitsa muubongo m'masekondi ochepa. Komanso sikadziwa kuti mwangomaliza nsima, kapena kuti mnzanu wayatsa ndudu pabawo. Zimenezo ndi zachizolowezi, mankhwala sazikhudza. Lembani nthawi zitatu zimene dzanja limapita lokha m'thumba, mukonzeretu chochita: kunyamuka pamalopo, kutsuka mano, kumwa madzi. Chibaba chimodzi chimatha m'mphindi zochepa. Mowa ndiye umagwetsa ambiri. Ife tingati muusiye kaye mwezi woyamba.

Zidzavuta mpaka liti?

Kupsa mtima ndi kusowa tulo zimafika pachimake sabata yoyamba, n'kuzilala m'masabata awiri mpaka anayi. Chepetsaninso khofi ndi tiyi: utsi umachititsa chiwindi kuphwanya kafeini wa m'zakumwazi msanga, ndiye mukasiya, makapu omwewo amakunjenjemeretsani manja, inu n'kumati ndi chibaba.