Ubongo wachiwiri mu Apple II: momwe khadi la Z80 linkagwirira ntchito

Amene adagula Apple II kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ankapunthwa pa chinthu chimodzi akafuna kuigwiritsa ntchito ya mu ofesi. Mapulogalamu ambiri a bizinesi, monga WordStar yolembera makalata, ankayenda pa CP/M, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse ya kampani ya Digital Research, ndipo CP/M inkafuna purosesa (chipi chomwe chili ubongo wa kompyuta) ya Intel 8080 kapena Zilog Z80. Koma mu Apple II munali MOS 6502. Mapurosesa awiriwa samvana chilankhulo ngakhale pang'ono. Njira yomwe idapezeka inali yoika purosesa yachiwiri pa khadi n'kulilowetsa m'kati mwa kompyuta.

M'chaka cha 1980 Microsoft idatulutsa Z-80 SoftCard pa mtengo wa madola 349, pamodzi ndi CP/M komanso BASIC, chilankhulo cholembera mapulogalamu. Ganizo lidachokera kwa Paul Allen, mmodzi mwa omwe adayambitsa Microsoft, ndipo Tim Paterson ndiye adakonza khadi loyamba loyesera. Mukalinyamula m'manja mungadabwe kuchepa kwa zomwe zilipo: Z80 yamiyendo 40, timachipi ting'onoting'ono toithandiza, ndi timaswichi tinayi. Memori palibepo. Apa m'pamene pagona nkhani yonse, chifukwa funso lofunika pa khadi lililonse lotere ndi lakuti purosesa yachilendoyo ikugwiritsa memori ya yani.

SoftCard imabwereka memori ya Apple, ndiye mapurosesa awiriwa amachita kusinthana ngati anthu awiri olima ndi khasu limodzi. Pulogalamu ikalemba pa adiresi (nambala ya malo mu memori) ya mpata wa m'kompyuta womwe mwalowetsedwa khadilo, khadi limaimitsa 6502 kudzera pa waya wa DMA, womwe umalola khadi kutenga ulamuliro wa memori, Z80 n'kuyamba ntchito pa liwiro la pafupifupi 2 MHz. Ikafuna kuwerenga disiki imabweza khasu kwa 6502, yomwe imayenda pa 1 MHz ndipo ndi yomwe imadziwa njira za pakhomo. Pali kanthu kena komwe ambiri sakadziwa: 6502 yakale ikaimitsidwa nthawi yaitali imaiwala zomwe yasunga m'kati mwake, choncho khadi limaitsitsimutsa pafupipafupi kuti isaiwale pomwe idalekezera.

Vuto lalikulu linali la malo. CP/M imafuna memori yopanda kanthu kuyambira pa adiresi 0, ndipo mapulogalamu ake amayambira pa 256. Pa Apple II malo amenewo ali ndi eni ake. Kuyambira 256 mpaka 511 ndi pomwe 6502 imasungira adiresi yobwererako ikamaliza kantchito, ndipo 1024 mpaka 2047 ndi zilembo zooneka pa sikirini. Z80 ikadalemba pamenepo, sikirini ikadadzaza zinyalala, kompyuta n'kuuma. Akatswiri adaika pa khadi kachipi kophatikiza nambala: Z80 ikapempha adiresi 0, khadi limawonjezera 4096, ikapempha 256 imapatsidwa 4352. Iyo imangoona ngati ili pachiyambi pa memori. Malo a Apple aja Z80 imawaona ngati ali kumapeto kwenikweni kwa memori. Ndi nzeru yotsika mtengo koma yogwira, ndipo m'kuona kwathu ndi yomwe idapangitsa khadili kutheka.

Ena adasankha njira ina. Appli-Card ya kampani ya PCPI inali ndi memori yakeyake ya 64 KB ndi Z80 ya 4 kapena 6 MHz, Apple n'kungotsala ndi ntchito ya kiyibodi, sikirini ndi disiki. Ku Britain, kampani ya Acorn idalingalira zimenezi isanamange n'komwe kompyuta yake ya BBC Micro ya 1981. Idaikiratu khomo lotchedwa Tube, ndipo purosesa yachiwiri inkabwera m'kabokosi koima pambali: 6502 ya 3 MHz, kapena Z80 ya 6 MHz ya CP/M, iliyonse ndi 64 KB. Apa mapurosesa awiri amagwira ntchito nthawi imodzi, wina akuwerengera wina akujambula pa sikirini, n'kumatumizirana uthenga. Kuipa kwake n'kwakuti pulogalamu yolemba mwachindunji mu memori ya sikirini, monga masewera ambiri, sionetsa kanthu, chifukwa ikulemba mu memori yomwe ilibe sikirini. Zimayenda bwino ndi mapulogalamu okhawo omwe amapempha kudzera m'njira zomwe Acorn idakhazikitsa.

Kwa amene ali ndi Apple II Plus lero ndipo akufuna kudzutsa SoftCard, dongosolo ndi ili. Zimitsani magetsi musanakhudze khadi lililonse. Kulowetsa kapena kuzula khadi magetsi ali oyaka kumagunditsa mawaya a 12 V ndi mawaya ofewa a uthenga, ndipo machipi amapsa pomwepo. Mipata ilipo isanu ndi itatu, 0 mpaka 7. SoftCard iikeni mu 4, khadi la disiki mu 6, la pulinta mu 1. Kompyuta ya 48 KB imapatsa CP/M 44 KB yokha, koma mukaika khadi la memori la 16 KB mu 0 mumafika pa 56 KB. Mu 3 muikemo khadi la zilembo 80 pa mzere, monga Videx Videoterm, chifukwa Apple II payokha imaonetsa zilembo 40 ndipo WordStar simakoma pa sikirini yopapatiza chotero. Timaswichi tinayi tija tonse tikhale pa OFF. Koyambako kakayatsidwa kamaletsa kuwonjezera 4096 kuja, CP/M siidzuka.

Ikakana kudzukabe, yambani ndi zophweka. Pukutani mano agolide a khadi ndi isopropyl alcohol, musapale ndi sandipepa chifukwa golide wake ndi wopyapyala kwambiri. Dinikizani chipi chilichonse m'malo mwake ndi chala chachikulu, poti kutentha ndi kuzizira kwa zaka zoposa 40 kumazitukula pang'onopang'ono, ndipo mudzamva kulira kuti tswa chikamakhazikika. Kenako onani disiki. Khadi lililonse lili ndi CP/M yake, ya SoftCard siyenda pa Appli-Card. Komanso disiki ya CP/M yochokera ku makompyuta ena monga Kaypro kapena Osborne siwerengeka pa Apple ngakhale mapulogalamu ake ndi omwewo, chifukwa Apple imalemba 140 KB pa disiki m'njira yakeyake yotchedwa GCR. Mapulogalamu otere amafuna kuwasamutsa pa waya wa serial.

Ngati m'kompyutamo muli khadi lina lothamangitsa 6502, lichotseni kaye poyesa, chifukwa makhadi awiri ofuna waya wa DMA amalimbirana. Ndipo musaiwale magetsi. Mipata yonse pamodzi idapatsidwa pafupifupi 500 mA pa 5 V, ndiye makhadi akachuluka kompyuta imauma ikangotentha, ngati kuti khadi lafa pomwe lili bwinobwino. Yezani 5 V ndi mita makhadi onse ali m'kati. M'bokosi la magetsi muli capacitor yakale yosefa magetsi a pakhoma yomwe imang'ambika n'kufuka utsi wonunkha. Imeneyo isinthidwe musanayatse koyamba, ndipo asinthe ndi munthu wodziwa zamagetsi, pulagi itazulidwa pakhoma.