Msewu ukakula, magalimoto nawonso amachuluka

Pa ntchito yanga yokonza mapulani a mizinda, funso limene ndimafunsidwa kawirikawiri ndi lakuti, "Bwanji osangokulitsa msewuwu kuti kuthithikana kwa magalimoto kuthe?" Wofunsayo sindimuona wolakwa. Wakhala m'minibasi ola lathunthu, thukuta lili kamukamu, kondakitala akungomenya chitseko galimoto isakusuntha.

Koma ofufuza anapeza zina. Mu 2011 akatswiri a zachuma awiri, Gilles Duranton ndi Matthew Turner, atasanthula misewu ya m'mizinda ya ku America, anaona kuti misewu ikawonjezeredwa ndi 10 peresenti, mtunda umene magalimoto amayenda umakweranso ndi pafupifupi 10 peresenti. Msewu ukangomasuka, amene ankakwera basi amatulutsa galimoto yake, amene ankalawirira m'mamawa amayamba kunyamuka nthawi imodzi ndi anzake, wina amakamanga nyumba kutali poti msewu ndi wabwino. Pakatha zaka zochepa, mzere wa magalimoto uja wabwerera. Ku Houston, mzinda wa ku America, anamaliza kukulitsa msewu wa Katy Freeway mu 2008 ndi ndalama zokwana madola 2.8 biliyoni, koma pofika 2014 anthu ankachedwanso pamsewupo kuposa mu 2011.

Ku Seoul, likulu la South Korea, anachita zosiyana. Mtsinje wa Cheonggyecheon, womwe umadutsa pakati pa mzindawo, anali atauvindikira ndi simenti, pamwamba pake n'kumangapo msewu wa m'mwamba. Mu 2003, meya wa nthawi imeneyo, Lee Myung-bak, anayamba kugwetsa msewuwo, ndipo mu 2005 mtsinje wa makilomita 5.8 unaonekanso. Ambiri ankaopa kuti mzinda uima. Sunaime. Chimene anthu amaiwala akamasimba nkhaniyi n'chakuti mu 2004 mzindawo unakonzanso kayendedwe ka mabasi: anawapatsa mizere yawoyawo pakati pa misewu ikuluikulu, anawapaka mitundu yosonyeza mtundu wa njira imene amayenda, ndipo khadi imodzi inayamba kugwira ntchito m'basi ndi m'sitima momwe. Munthu anasiya galimoto kunyumba chifukwa anapeza chokwera chodalirika. Lero pamene pankalira mahutala pali nsomba, mbalame ndi ana oviika mapazi m'madzi, ndipo ofufuza atayeza anapeza kuti m'mbali mwa mtsinjewo mumazizirirako kuposa m'misewu yoyandikana nayo.

Sikuti zonse zinayenda bwino. Madzi ambiri a mumtsinjemo amachita kupopedwa ndi makina kuchokera mumtsinje wa Han, ndipo mavenda amene ankapezera chakudya m'mbali mwa msewu uja anasamutsidwa, malonda a ambiri n'kulowa pansi. Ichi chimandipweteka, chifukwa wosauka ndi amene amayamba kukankhidwa mzinda ukamakongoletsedwa.

Ndikamadutsa mumsewu wa Kenyatta ku Lilongwe, womwe anaukulitsa mitengo yambiri itadulidwa, ndimakumbukira kafukufuku wa Duranton ndi Turner uja. Msewuwo wathandiza, sindikana, makamaka zaka zoyambirirazi. Koma anthu ambiri mumzindawu alibe galimoto. Amayenda wapansi, pa kabaza kapena pa minibasi. Ndikanakonda kuti magalimoto asanadzadzenso, mzere umodzi mbali iliyonse upatulidwe kukhala wa mabasi ndi maminibasi okha, ndipo m'mbali mwa njira ya oyenda pansi mubzalidwe mitengo ya mthunzi yokhala ndi woithirira mpaka itagwira.